Kuphunzitsa kagalu kubwera mukakaitana

Ine ndimayamba kagalu kakakwana miyezi itatu, katangobayitsa katemera wa chiwewe. Ikani bonya pang'ono m'thumba. M'mawa kasanadye, njutani pansi, katchuleni dzina kamodzi kokha n'kunena kuti "bwera". Kakafika pamapazi panu, kapatseni bonya pompo, mukasisite pakhosi. Mukachedwa, sikadziwa chomwe kalandirira. Mphindi zisanu zakwana, tiagalu sitichedwa kutopa.

Amene amasokoneza kwambiri ndi ana apakhomo, poti aliyense amakuwa zakezake. Gwirizanani liwu limodzi. Ndipo kakatafuna nsapato kapena kuthamangitsa anapiye, musakaitane n'cholinga choti mukamenye, chifukwa mawa kazidzangokuyang'anani kali potero. Kakazolowera pabwalo, kayeseni kumsewu kali pachingwe chachitali.