Mmene ndimalembera nambala za matenda oyeretsa khungu pa bilu ya medical aid

Ndimagwira ntchito m'chipinda cha dokotala wa khungu ku Johannesburg. Ine si namwino, ntchito yanga ndi ya mabilu. Kuno ku South Africa, kuyambira mu 2005, bilu iliyonse yopita ku medical aid iyenera kukhala ndi nambala ya matenda yochokera m'buku la ICD-10 la bungwe la WHO. Nambala ikalakwika bilu imabwerera, ndipo amene amavutika ndi wodwala. Odwala amene mabilu awo amandipatsa ntchito yaikulu ndi obwera ndi mawanga oyera pakhungu.

Kwathu ku Malawi banga lililonse loyera timangoti zikanga. Bukuli silitero. Limayang'ana chimene chayambitsa bangalo, n'chifukwa chake matenda ooneka ofanana ndi maso amapezeka m'magawo otalikirana. Choncho ndisanatsegule n'komwe kompyuta, ndimawerenga zimene adokotala alemba, n'kupeza dzina lenileni la matendawo.

Akalemba vitiligo, nambala ndi L80, osawonjeza china kumapeto. Awa ndi matenda amene chitetezo cha m'thupi chimawononga tizigawo topanga melanin, chinthu chimene chimapatsa khungu mtundu wake, ndipo mawangawo amayera ngati mkaka, makamaka m'manja, kumaso ndi kuzungulira pakamwa. Mawanga akakhala a bowa wa pakhungu, aja amasosoka pachifuwa ndi pamsana nyengo yotentha, dzina lake ndi pityriasis versicolor, ndipo ali ku gawo la matenda oyambitsidwa ndi tizilombo, B36.0. Mawanga otumbuluka a m'masaya mwa ana, pityriasis alba, ndi L30.5. Banga lotumbuluka limene munthu samva kanthu ukalikhudza lingathe kukhala khate, limene lili ku A30, ndipo nambala imeneyo sindiilemba adokotala asanatsimikize.

Gulu la L81 ndi limene linandigwetsa nditangoyamba. Mayi wina anabwera ndi mawanga oyera otsala zilonda zitapola. Ndinaona mawu akuti postinflammatory pa L81.0, n'kulemba msangamsanga. Koma L81.0 ndi ya khungu limene lada pambuyo pa chilonda, osati limene layera. Bilu inanena zosemphana ndi mankhwala amene mayiyo analandira, inabwerera, ndipo analipira kaye za m'thumba mwawo mwezi umene anali ndi fizi ya ana. Za kuyera kwa khungu m'gululi ndi L81.5, imene ndi leukoderma (mawanga oyera a pakhungu) yosalembedwa kwina, ndi L81.6, ya mavuto ena a kuchepa kwa melanin. L81.8 ndi ya vuto lina la mtundu wa khungu limene lili ndi dzina koma lilibe nambala yakeyake. L81.9 imatanthauza kuti sizinafotokozedwe, ndipo ndimaifikira pokhapokha nditafunsa adokotala n'kulephera kupeza china. Ndikapeza mawu akuti hypopigmentation (kuyera kwa khungu) okhaokha m'faelo, ndimagogoda pachitseko chawo pakati pa odwala awiri n'kufunsa chayambitsa. Kufunsako sikutha mphindi ziwiri.

Za anthu achialubino ndikufuna ndifotokoze mofatsa, chifukwa apa kulemba mwaulesi kumapweteka munthu. Ualubino suli m'gawo la khungu ayi. Uli pa E70.3, m'gawo la mavuto a kagwiridwe ntchito ka zam'thupi, chifukwa melanin amapangidwa kuchokera ku tyrosine, chinthu china cha m'thupi, ndipo munthu amabadwa thupi lake lisakutha kupanga melanin mokwanira. Ofufuza ku L, gawo la khungu, sadzaupeza. Komanso munthu wachialubino kawirikawiri sabwera kudzachiritsidwa ualubino. Amabwera chifukwa dzuwa lamuwononga khungu. Akabwera ndi tizilonda tokhakhala ta actinic keratosis pakhosi ndi m'makutu, adokotala n'kutiwotcha ndi mpweya wozizira wa nitrogen, nambala yoyamba ndi L57.0, ndipo E70.3 imabwera yachiwiri kufotokoza chifukwa chake munthu wa zaka 25 ali ndi vuto limene ena amalipeza atakalamba. Zotsatira za ku labu zikaonetsa khansa ya pakhungu, mtundu wofala kwa iwo umalowa m'gulu la C44, ndipo nambala ya pambuyo pa kadontho imatchula malo: C44.2 khutu, C44.4 pamutu ndi pakhosi. Ndimadikira zotsatirazo ndisanalembe khansa. Mawu akuti "mwina" kapena chizindikiro cha funso m'faelo si matenda otsimikizika, ndipo kupachika nambala ya khansa pa dzina la munthu mongoganizira n'kumulakwira kwambiri.

Dongosolo lake ndi limenelo paliponse: chimene munthu wabwerera lero chikhale poyamba, zina zitsate. Wodwala vitiligo amene alinso ndi matenda a chithokomiro oyambitsidwa ndi chitetezo cha m'thupi, zimene zimayendera limodzi kawirikawiri, amalandira L80 ndi E06.3, malinga adokotala alemba zonse ziwiri. Ndimaonetsetsanso kuti mzere uliwonse wa pabilu, kaya ndi kuonana ndi dokotala, kaya kudula kachidutswa ka khungu kopita ku labu, kaya kuwalitsidwa ndi nyali ya UVB, uli ndi nambala ya matenda pambali pake.

Chenjerani ndi intaneti. Mukafufuza ualubino mupeza nambala zazitali ngati E70.320 ndi E70.321. Zimenezo ndi za ICD-10-CM, buku la ku United States, ndipo kuno sizidutsa. ICD-11 nayo, buku latsopano lija lolowa m'malo mwa ICD-10, ngakhale WHO inaiyambitsa pa 1 Januwale 2022, si imene timalembera mabilu athu.

Chimene chimandiwawa ndi bilu ya vitiligo kubwerera ndi mawu akuti cosmetic, ngati kuti mtsikana amene wasiya kupita ku tchalitchi chifukwa anthu akumuyang'anitsitsa akungofuna kudzikongoletsa. Zikatero sindisintha nambala kuti ndinyengerere aliyense, chifukwa kulemba matenda amene munthu alibe ndi chinyengo. Ndimapempha adokotala kalata yofotokoza kukula kwa mawanga, malo ake, mankhwala amene ayesedwa kale monga tacrolimus, ndi zithunzi ngati wodwala wavomera, n'kutumizanso. Nthawi zina amalipira, nthawi zina ndondomeko imene munthu analowa siikhudza chithandizocho, ndipo ndi bwino kumuuza zimenezi asanayambe kubwera ku nyali kawiri kapena katatu pa sabata.

Masiku ndimawalemba pakhoma pafupi ndi tebulo langa. Bilu ifike ku medical aid mwezi wachinayi usanathe kuchokera pa tsiku la chithandizo. Akapeza cholakwika ayenera kutiuza pasanathe masiku 30, ndipo ife tili ndi masiku 60 okonza n'kutumizanso. Lachisanu lililonse masana ndimatsegula mabilu onse obwerera, kuyambira amene masiku ake atsala pang'ono kutha.