Zoyenera kuchita kampani ya mahotela ikasintha malamulo a mapointi anu

Tsiku lina m'mawa tili pabwalo la ndege la Kamuzu kudikirira ndege ya ku Addis Ababa, mnzanga wina amene amagwira ntchito kubungwe la zaumoyo ku City Centre anandipatsira foni yake kuti ndiwerenge imelo yomwe inamufikira usiku. Imeloyo inachokera kukampani ya mahotela kumene wakhala akugona kwa zaka zingapo akakhala paulendo wa ntchito. Inayamba ndi kumuthokoza chifukwa chosawataya, kenaka n'kumuuza kuti ndondomeko ya mapointi, amene membala amapatsidwa akagona m'mahotela awo n'kudzalipirira nawo chipinda, yakonzedwanso pofuna kukomera mamembala. Nkhani yeniyeni inali kumunsi, m'zilembo zing'onozing'ono: masiku oyenera kugona pachaka kuti munthu akhalebe pamlingo wake wa umembala awonjezedwa, ndipo kadzutsa waulere wachotsedwa pamlingo umenewo. "Achimwene, anthu awa andidyera masuku pamutu, ndikangobwerako ndikatseka akaunti imeneyi," iye anatero. Ndinamupempha kuti asatseke kanthu asanakhale pansi ndi cholembera, chifukwa wotseka akaunti atapsa mtima amataya mapointi onse amene anawavutikira, ndipo kampaniyo ndi imene imapindula.

Mkwiyo wotere ndi womveka, ndipo umabwera paliponse pamene malamulowa asinthidwa. Koma munthu ayenera kuzindikira kaye chimene wasunga. Mapointi ndi ndalama imene kampani imadzisindikizira yokha, n'kumaikanso yokha mtengo wake, ndipo m'malamulo amene tonse timavomereza polembetsa osawawerenga mumakhala mawu opatsa kampaniyo ufulu wosintha ndondomeko. Ife a ku Malawi sitifunika kuphunzitsidwa zambiri pankhaniyi. Kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo amene anali ndi ndalama m'buku anadzuka nambala ili yomweyo koma zogula nayo zitachepa. Mapointi amagwa chimodzimodzi, kusiyana kwake n'kwakuti palibe banki yaikulu kapena phungu woti mukamudandaulire.

Choyamba kuchita imelo ikafika ndi kufufuza tsiku limene malamulo atsopano ayambe kugwira ntchito, n'kulilemba penapake poonekera. Chachiwiri ndi kujambula zonse za muakaunti yanu tsiku lomwelo: kuchuluka kwa mapointi, masiku amene mwagona chaka chino, mlingo wanu ndi tsiku limene udzathe, komanso masiku onse amene mwagona chilembetsereni. Izi zimaoneka ngati zopanda pake mpaka makompyuta a kampani atasokonekera. Kampani ya mahotela ya Marriott itagula inzake ya Starwood mu 2016, ndondomeko zawo za mamembala anaziphatikiza mu Ogasiti 2018, pointi imodzi ya SPG, ndondomeko ya Starwood, n'kusanduka mapointi atatu, ndipo mamembala ambiri anadandaula kuti masiku awo ogona ndi milingo yawo sizinkaoneka bwino m'maakaunti ophatikizidwawo. Wokhala ndi chithunzi ndi malisiti amakhala ndi poyambira. Wongodalira zokumbukira amangouzidwa kuti adikire.

Mukatero werengani kusinthako ndi maulendo anuanu, osati ndi phokoso la ena. Kusintha kumodzi kumapweteka anthu mosiyana kwambiri. Mu Malichi 2017 kampani ya Hyatt inathetsa ndondomeko yake ya Gold Passport n'kubweretsa World of Hyatt. Kale munthu ankafika pamlingo wapamwamba akagona masiku 50 pachaka, kapena akafikako maulendo 25 ngakhale ulendo uliwonse utakhala wa usiku umodzi. Ndondomeko yatsopano inachotsa njira yowerenga maulendo ija n'kuika masiku 60. Wogona sabata yathunthu pamsonkhano uliwonse sanamve kuwawa kwenikweni, koma wofika madzulo n'kunyamuka m'mawa anaona mlingo ukumutalikira kuposa kawiri. Choncho tengani mndandanda wa maulendo anu a chaka chatha, mulembe mzinda, masiku ndi hotela, ndipo muone ngati malamulo atsopano akanakusiyani pamlingo womwewo. Mu Bonvoy, ndondomeko ya mamembala ya Marriott, mwachitsanzo, Silver imafuna masiku 10 pachaka, Gold 25, Platinum 50 ndipo Titanium 75, kotero munthu wogona masiku 30 alibe chifukwa chopsera mtima ndi zimene zachotsedwa pa Titanium.

Apa pali chinthu chimene chimatikhudza kwambiri ife oyenda kuchokera ku Lilongwe. Maulendo athu ambiri a ku Nairobi, Johannesburg, Lusaka kapena Addis Ababa ndi a ntchito, ndipo chipinda sitibukitsa tokha. Amabukitsa ndi ofesi, kapena kampani yokonza maulendo, kapena okonza msonkhano amene amalipira zipinda zonse pamodzi. Makampani akuluakulu a mahotela nthawi zambiri sapereka mapointi kapena kuwerenga masiku pachipinda chobukitsidwa kudzera pa masamba a pa intaneti obukitsira malo ogona monga Booking.com kapena Expedia, ndipo zipinda za gulu zolipiridwa pabilu imodzi nazonso zimatha kusawerengedwa. N'zotheka kuti mwagona masiku 40 koma akaunti ikuonetsa 18. Musanaimbe mlandu malamulo atsopano, onani ngati vuto lenileni si kabukitsidwe ka kuofesi kwanu. Kambiranani ndi amene amakonza maulendo kuti, pamene mtengo uli wofanana, azibukitsa mwachindunji kuhotela n'kuikapo nambala yanu ya umembala, ndipo mukafika muzifunsa wolandira alendo ngati nambalayo ili pachipinda chanu. Potuluka tengani lisiti ya dzina lanu, chifukwa ndi imene amafuna mukamalondola masiku osowa, ndipo nthawi yolondolera imakhala ndi malire.

Ndionjezepo mawu amodzi amene ena sangawakonde. Ngati wolipira ndi bungwe kapena boma, kusankha hotela yokwera mtengo pofuna kuti mukwanitse masiku a mlingo wanu ndi kudya ndalama za eni. Mabungwe ena ali ndi malamulo pa za mapointi opezeka paulendo wa ntchito, ndipo ndi bwino kufunsa ku ofesi ya zachuma. Safunsa anadya phula.

Tsopano kuwerengetsa mtengo wa mapointi, komwe ndi ntchito yaikulu. Njira yake ndi yosavuta. Tsegulani hotela imene mumagonako kawirikawiri, musankhe tsiku lomwe mungapitedi, muone mtengo wa chipinda m'madola ndiponso m'mapointi. Tiyerekeze kuti chipinda ndi madola 150 kapena mapointi 30,000. Ndiye kuti mapointi 1,000 akukugulirani madola 5. Ngati malamulo atsopano akweza chipinda chomwecho kufika pa mapointi 40,000, mapointi 1,000 atsika kufika pa madola 3.75, ndipo mapointi 120,000 amene akanakugonekani masiku anayi adzakugonekani atatu okha. Chitani zimenezi pa mahotela atatu kapena anayi ndi masiku osiyanasiyana, chifukwa makampani ambiri anasiya kulengeza mitengo yokhazikika ya mapointi. Hilton inasiya mu 2017, Marriott mu Malichi 2022, ndipo tsopano mapointi ofunika amakwera ndi kutsika potengera kuchuluka kwa alendo tsikulo. Zikatere mapointi amatha kugwa popanda imelo iliyonse yokuchenjezani. Kampani ya mahotela ya Accor ili ndi njira ina: mapointi 2,000 amachotsa ma euro 40 pabilu, ndipo mwina si zambiri, koma munthu amadziwiratu chimene ali nacho.

Zina zimene mlingo umapereka muziwerengetsenso m'ndalama. Kadzutsa wa madola 20 kwa munthu wogona masiku 30 pachaka ndi madola 600, ndalama zooneka ndithu kwa amene amalipira chakudya kuchokera mu alawansi yake. Koma ngati misonkhano yanu imalipira kale malo ndi chakudya chomwe, kadzutsa amene wachotsedwayo simunkamudya mwaulere n'kale, ndipo simunataye kalikonse. Kwa ine chofunika kwambiri ndi kuloledwa kutuluka m'chipinda mochedwa, chifukwa ndege zambiri zobwerera kuno zimasiya munthu ndi maola ambiri opanda kolowera. Lonjezo lokukwezerani kuchipinda chabwinopo ndimaliwerengera pang'ono, popeza limadalira ngati chipindacho chilipo, ndipo nyengo ya misonkhano sichipezeka.

Mukapeza kuti mapointi atsika, agwiritseni ntchito tsiku la kusintha lisanafike. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo mapointi osungidwa zaka zisanu kudikirira tchuthi chachikulu amangonyenyeka chaka ndi chaka. Bukitsani maulendo amene mukudziwa kuti mudzayenda pamtengo wakale, mutaonetsetsa kuti mukhoza kusintha kapena kukaniza chipindacho n'kubwezeredwa mapointi, ndipo muwerenge tsiku lomaliza lokanizira. Ngati masiku ake akukwana asanu, dziwani kuti ku Marriott wolipira ndi mapointi masiku asanu otsatizana pahotela imodzi amachotseredwa mtengo wa usiku umodzi. Sikuti mpaka mukwere ndege ayi. Marriott inagula Protea Hotels ya ku South Africa mu 2014, ndipo hotela ya Ryalls ku Blantyre ili pansi pa Protea, kotero wa mapointi a Bonvoy akhoza kuyang'ana konko ulendo wa kummwera ukapezeka. M'masiku ano amene kupeza ndalama zakunja kubanki kuli kovuta, usiku wolipiridwa ndi mapointi ku Johannesburg uli ndi phindu linanso: ndi madola amene simunawayendere m'mabanki. Mufunse kokha ngati pali misonkho kapena zolipira zina zimene hotela imafuna pandalama.

Kusandutsa mapointi a hotela kukhala mamailo a ndege, omwe ndi mapointi ogulira tikiti kukampani ya ndege, muzikuona ngati njira yomaliza. Ku Marriott mapointi atatu amapereka mailo imodzi pa makampani ambiri a ndege, ndipo mukasamutsa simungabwezenso. Zimathandiza pokhapokha mukusowa mamailo ochepa kuti tikiti ikwane, kapena mwatsimikiza kuti simudzagonanso m'mahotelawo.

Kudandaula kulinso ndi kachitidwe kake. Wolandira alendo pahotela sanapange malamulowo ndipo sangawasinthe, choncho kumukalipira mayi wa pakauntala chifukwa cha kadzutsa ndi kungodzichotsa ulemu. Ine ndinachitapo zimenezi pahotela ina ku Nairobi usiku wina nditatopa ndi ulendo, ndipo mayiyo anangonditembenuzira kompyuta kuti ndidzionere ndekha kuti mlingo wanga unatsika miyezi iwiri m'mbuyomo, imelo yake ili m'foni mwanga yosatsegulidwa. Dandaulo lembani ku ofesi yoona za mamembala, mwachidule ndi mwaulemu: nambala yanu, zaka zimene mwakhala membala, masiku amene munagona chaka chatha, chinthu chimodzi chimene chakupwetekani, ndi chimene mukupempha. Pemphani chotheka, monga kukutalikitsirani mlingo wanu, kukuwerengerani masiku amene anasowa, kapena kulemekeza chipinda chimene munabukitsa pamalamulo akale. Kupempha kuti abweze ndondomeko yonse yakale sikupita patali. Koma kwa woyang'anira hotela imene mumafikako kasanu pachaka, kulankhula naye pamaso kumapindula kuposa imelo, chifukwa iye ali ndi mphamvu pa zipinda ndi chakudya cha pamalo pake, ndipo mlendo wobwerabwera amamufuna.

Funso lotsala ndi lakuti mukhale kapena musamuke. Yankho lili pa mapu, osati pa mkwiyo. Lembani mizinda isanu imene mumapitako kwambiri, muone kampani imene ili ndi mahotela m'mizindayo pamtengo umene ofesi yanu imalola komanso pafupi ndi kumene mumakagwira ntchito. Ndondomeko yokoma ya kampani yopanda hotela ku Lusaka kapena ku Addis Ababa singakuthandizeni ngati maulendo anu ndi a kumeneko. Makampani ena amapereka mlingo wofanana ndi umene muli nawo kwina mukawatumizira umboni, nthawi zambiri kwa miyezi yochepa yoyeserera momwe mumayenera kugona masiku angapo kuti mlingowo ukhazikike. Mwayi wotere saupereka kawirikawiri kwa munthu mmodzi, choncho upempheni maulendo anu atatsimikizika, osati mu Disembala maofesi akutseka. Kwa wogona masiku 50 kapena kuposa, kugawa masiku pakati pa makampani awiri kukhoza kumusiya wopanda mlingo wabwino konsekonse, paja mapanga awiri avumbwitsa. Kwa wogona masiku osakwana 20, maganizo anga ndi akuti asadzimangirire kukampani iliyonse. Alembetse konse popeza kulembetsa n'kwaulere ndipo kumabweretsa mtengo wotsikirako wa mamembala, koma azisankha hotela potengera mtengo ndi malo.

Mnzanga uja titakhala pansi n'kuwerengetsa, zinapezeka kuti kadzutsa ankamudya pabilu ya msonkhano pafupifupi maulendo onse, ndipo chimene chinamutsitsa mlingo ndi masiku amene ofesi inkabukitsa kudzera kwina. Akaunti sanatseke. Mapointi ake anagonera masiku asanu ndi banja lake, otsalawo n'kuwasiya ochepa. Ngati nanunso mwasankha kusiya akaunti ili chigonere, kumbukirani kuti mapointi amatha akakhala osakhudzidwa: ku Marriott ndi ku Hilton ndi pakatha miyezi 24 popanda kupeza kapena kugwiritsa ntchito pointi iliyonse, pamene ku Accor nthawiyo ndi chaka chimodzi chokha. Ikani tsikulo mu kalendala ya foni yanu kutatsala miyezi iwiri, ndipo muziyang'ananso malamulo a kampani yanu chaka chilichonse mu Januwale, pamene masiku ogona amayambiranso kuwerengedwa.