Momwe mungatsatirire Acropolis Rally pa foni mpaka kumvetsa zomwe zikuchitika

Ambiri akaona kavidiyo pa Facebook galimoto ikudutsa mwaliwiro m'mphepete mwa phompho fumbi lili kobooo amangoti eee awa ndi olimba mtima, n'kupitirira. Koma rally ya m'mapiri ili ndi nkhani yake yomwe simungaipeze mu kavidiyo ka masekondi 30, ndipo mukangoidziwa simungafunenso kuphonya. Apa ndikuonetsani mmene mungatsatirire Acropolis Rally ya ku Greece, umodzi mwa mipikisano yowawa kwambiri mu WRC, kuyambira Lachinayi mpaka Lamulungu muli pakhomo ndi foni yanu basi.

Yambani ndi kudziwa kuti mukuonera chiyani

WRC ndi mpikisano wa dziko lonse wa rally, unayamba mu 1973 ndipo Acropolis inalipo chaka choyambacho. Inadzachoka pa kalendala itachitika ya 2013, n'kubwereranso mu 2021 likulu lake lili mu tawuni ya Lamia, chapakati pa Greece. Misewu yake ndi ya dothi ndi miyala yokhayokha, yokwera ndi kutsika mapiri. Amene munakwerapo msewu wa Gorodi kuchoka pa Chitimba kupita ku Livingstonia, tangoganizani mabendi aja ndi miyala ija koma munthu akuthamangitsa galimoto ndi mphamvu zake zonse. Malemu Colin McRae anawina kumeneku kasanu, ndipo mpaka lero anthu amamukumbukira nazo.

Chachikulu choti mugwire ndi ichi, magalimoto sanyamuka limodzi ngati mu Formula 1 ayi. Iliyonse imanyamuka payokha, kusiyana mphindi zitatu kapena kuposa fumbi likachuluka, ndipo imapikisana ndi wotchi. Msewu umagawidwa m'masiteji, pa foni muziona SS1, SS2 choncho, nthawi za masiteji onse amaziphatikiza ndipo wa nthawi yochepa Lamulungu ndiye wawina. Masiteji onse pamodzi amakwana makilomita pafupifupi 300 kapena kupitirirako. Kuchoka pa siteji ina kupita pa ina amayenda mu msewu wa anthu wamba ndipo amamvera malamulo a pamsewu ngati wina aliyense.

Konzekeranitu sabata isanafike

Lowani pa wrc.com mupeze ndondomeko ya masiteji ndi nthawi zake, muijambule screenshot isakutayikeni. Greece nyengo ya rally imeneyi amakhala ola limodzi patsogolo pa Malawi ndi Zambia, ndiye siteji yomwe alemba kuti 8:00 kwa ife ndi 7 koloko m'mawa. Nthawi za madalaivala pomwe akuthamanga mumaziona ulele pa webusaiti yomweyo kapena pa app yawo ndipo sizidya bandulo kwenikweni chifukwa ndi manambala chabe. Kuonera live siteji iliyonse ndi pa Rally.TV, imeneyo njolipira komanso imafuna netiweki yabwino. Ine ndinganene kuti kwa oyamba kumene manambala masana kenako ma highlights a pa YouTube madzulo ndi zokwanira ndithu.

Matimu akuluakulu ndi atatu, Toyota ndi GR Yaris, Hyundai ndi i20 N, M-Sport Ford ndi Puma. Onsewa ndi magalimoto a gulu la Rally1, injini ya 1.6 ya turbo, matayala onse anayi okoka. Sankhani dalaivala mmodzi kapena awiri oti muziwalondola, apo ayi manambala akubalalitsani.

Lachisanu m'mawa, onani kaye amene akuyamba

Apa ndi pomwe ambiri amasochera ndiye ndichedwapo. Tsiku loyamba lenileni magalimoto amanyamuka motsatira mapointi a chaka chonse, wotsogola pa tebulo ndiye amalowa mu msewu koyamba. Zikumveka ngati ulemu eti, koma pa msewu wouma wa miyala ndi chilango. Pamwamba pa msewu pamakhala timiyala tosagwirana ndi dothi lofumbutuka, galimoto yoyamba matayala ake amangopalasa osagwira pansi, ikamadutsa imakankhira zonsezo kumbali n'kusiya mzere woyera wolimba. Yachiwiri imapeza bwinoko, yachisanu ndi chitatu imapeza njira yosesedwa kale moti imakoka bwino potuluka pa bendi ndipo mabuleki amagwira msanga. Anthu a rally amangoti woyambayo akusesa msewu, ndipo pa tsiku limodzi lokha atha kutaya masekondi ambirimbiri, nthawi zina mphindi yathunthu, asanalakwitse kalikonse.

Mu 2022 zinaoneka poyera. Kalle Rovanperä wa Toyota ndiye ankatsogola chaka chimenecho, Lachisanu anasesa msewu tsiku lonse n'kutsalira kutali, pomwe Sébastien Loeb amene ankangobwera mipikisano yowerengeka ndi M-Sport anayamba cham'mbuyo ndipo dzuwa limalowa iye ali nambala wani, mnzake wa timu yomweyo Pierre-Louis Loubet ali wachiwiri. Munthu wongoona tebulo akanati Rovanperä watha ntchito, chonsecho chaka chomwecho ndi iyeyo anatenga chikho cha dziko lonse ali ndi zaka 22.

Ndiye musanaweruze aliyense Lachisanu, ikani mndandanda wa oyamba pambali pa nthawi zawo. Woyamba kunyamuka akamaliza tsiku ali wachinayi kapena wachisanu, ameneyo wayendetsa modabwitsa. Ndipo nkhondo ya Lachisanu madzulo imakhala yolimbirana malo abwino oyambira mawa, chifukwa Loweruka amatembenuza, amene ali m'mbuyo pa rally ndiye amayamba ndipo otsogola amabwera pomalizira msewu utayera. Mvula ikagwa zonsezi zimasintha, woyamba amapeza msewu wabwino, am'mbuyo n'kumasambira m'matope okumbidwa ndi anzawo. Mu September 2023 chimphepo cha Daniel chinagwetsa mvula yoopsa ku Greece mpaka kuyesa magalimoto kwa tsiku loyamba kunalephereka, ndipo Rovanperä yemwe uja, akuyambanso kutsogolo, anawina rally imeneyo.

Masana maso akhale pa matayala

Masiteji ambiri amawadutsa kawiri, m'mawa ndi masana. Ulendo wachiwiri msewu sukhalanso uja wa m'mawa, pakhala patadutsa magalimoto ambirimbiri a magulu onse, dothi lachoka, pansi patuluka thanthwe lakuthwa, m'mabendi mwakumbika mizere yakuya ndipo miyala ina yaikulu ngati mutu wa munthu yazulidwa ili pakati pa njira. Kutentha nakonso, mu 2025 rally inachitika kumapeto kwa June dzuwa likuswa mtengo, mabuleki, injini, matayala ndi anthu omwe m'katimo zonse zimapsa.

Dalaivala amasankha pakati pa matayala olimba ndi ofewa, ofewa amagwira bwino koma amatha msanga pa thanthwe lotentha, ndiye ku Greece olimba ndi omwe amayenda kwambiri. Kuyambira 2025 matayala onse amachokera ku Hankook, m'mbuyomo anali a Pirelli. M'galimoto amanyamula sipeya imodzi kapena ziwiri basi. Ziwiri ndi kulemera kowonjezera, imodzi ndi kuika moyo pa chiswe. Tayala likaphulika m'kati mwa siteji palibe makaniko wobwera, dalaivala ndi co-driver wake, mnzake wokhala pambali womuwerengera njira, amatsika okha, wina jeke wina manati, ndipo akatswiriwa amamaliza pasanathe mphindi ziwiri. Koma mphindi ziwiri mu rally ndi zambiri zedi. Akakhala kuti atsala pang'ono kumaliza ena amangopitiriza ndi tayala lophwa, mumaona galimoto ikufika pa mzere mphira itanyenyeka, bampala ikulendewera. Akaphulitsa atatu pomwe sipeya anali nazo ziwiri, tsiku lathera pomwepo.

Chifukwa chake musatengeke ndi amene wawina masiteji atatu motsatizana. Ku Acropolis amene amawina nthawi zambiri ndi amene amadziwa pomwe ayenera kuchotsa phazi. Loeb uja wa 2022 Loweruka m'mawa alternator, chipangizo chotchaja batire, inamufera n'kutuluka, rally inatengedwa ndi Thierry Neuville, ndipo Hyundai inatenga malo onse atatu oyamba. Mu 2024 Neuville anawinanso moyendetsa mosamala pomwe anzake ankagwa mmodzimmodzi, Sébastien Ogier anagubuduza galimoto pa siteji yomaliza yeniyeni.

Phunzirani kuwerenga ma split

Siteji iliyonse ili ndi malo angapo pomwe amatenga nthawi, amenewa ndiwo ma split, pa foni mumaona timanambala monga +2.4 kapena -1.1 poyerekeza ndi amene wachita bwino. Ziwerengeni mopingasa. Munthu akamataya sekondi imodzi kapena ziwiri pa split iliyonse ndiye kuti ndi msewu kapena akusunga matayala. Akataya masekondi 15 pamalo amodzi kenako n'kubwerera mwakale ndiye kuti anazungulira kapena injini inazima pa bendi. Mukaona mphindi imodzi ndi theka kapena ziwiri zapita nthawi imodzi, limenelo ndi tayala. Dzina likangosiya kutuluka pa split yotsatira, dikirani nkhani.

Palinso zilango zomwe zimasintha tebulo popanda kuthamanga. Kufika mochedwa pa malo olembetsa nthawi ndi masekondi 10 pa mphindi iliyonse, kufika msanga ndiye koopsa, mphindi yathunthu pa mphindi iliyonse. Wotuluka Lachisanu amaloledwa kubwereranso mawa lake amakaniko akakonza galimoto, koma amamuwonjezera mphindi 10 pa siteji iliyonse yomwe sanamalize. Amakanikowo saloledwa kukhudza galimoto paliponse, koma pa nthawi ya sevisi yokha, ndipo ya madzulo ndi mphindi 45. Ikawonongeka kuthengo ndi dalaivala ndi mnzake kumanga ndi zomwe anyamula.

Madzulo onerani onboard imodzi yonse

Osati ma highlights okha. Sakani pa YouTube vidiyo ya kamera ya m'kati mwa galimoto, masiteji ngati Tarzan, Bauxites kapena Aghii Theodori, muvale mahedifoni mumvetsere co-driver. Rally isanayambe awiriwa amadutsa siteji iliyonse kawiri pa liwiro lochepa ndi galimoto wamba, dalaivala akutchula mnzake akulemba mu kope, bendi iliyonse kukula kwake, mtunda, dzenje, mwala. Tsiku la mpikisano co-driver amawerenga zimenezi mutu uli pansi galimoto ikudumpha, ndipo amakhala bendi imodzi kapena ziwiri patsogolo pa zomwe dalaivala akuona. Ambiri amawerenga m'zinenero zawo, Ott Tänak amene anawina mu 2025 ndi Martin Järveoja amalankhula cha ku Estonia, ndiye kuti mumve yambani ndi Elfyn Evans ndi Scott Martin omwe amagwiritsa Chingerezi. Mawu omwe mudzawamve mobwerezabwereza ndi akuti "don't cut", kumuuza kuti usadule bendi, m'kati mwakemo mwabisala mwala. Kwa ine ntchito ya co-driver ndi yomwe anthu amaipeputsa kwambiri mu masewera onse a magalimoto, akangodumpha mzere umodzi mu kope muja onse awiri ali kuphompho.

Lamulungu muziwerenga matebulo atatu

Malinga ndi malamulo a 2025, wowina rally yonse amatenga mapointi 25, wachiwiri 17, wachitatu 15, kumatsika mpaka wa nambala 10. Kenako pali mapointi a Lamulungu lokha, asanu othamanga kwambiri tsikulo amagawana 5, 4, 3, 2, 1. Ndiye pali Power Stage, siteji yomaliza, nayonso 5 mpaka 1. Ndiye mukaona munthu amene anatuluka Lachisanu akuthamanga ngati alibe mawa musadabwe, akusaka mapointi 10 amenewo, pomwe wotsogola ndi mphindi yathunthu amangoyenda mozemba miyala. Malamulo a mapointiwa amasinthasintha, chaka chikamayamba muziwaonanso.

Amene mukufuna kudzaona ndi maso, ya pafupi ndi ife ndi Safari Rally ya ku Naivasha ku Kenya, yomwe inabwereranso mu WRC mu 2021 momwemo. Fikani pa siteji maola awiri kapena atatu isanayambe chifukwa msewu amautseka msanga, tengani madzi ambiri, chipewa ndi choziphimba kumphuno. Imani pamalo okwera kuseri kwa tepi pomwe ma marshal, oyang'anira chitetezo pa siteji, akulozerani, osati kunja kwa bendi kapena pomwe galimoto imatera ikadumpha, matayala aja amaponya miyala kutali kuposa mmene mukuganizira. Magalimoto oona ngati msewu uli bwino, olembedwa 000, 00 ndi 0, akadutsa ndiye kuti yoyamba ili pafupi, ndipo musaponde mu msewu mpaka galimoto yotsekera m'mbuyo itadutsa, anthu akaima poipa siteji yonse amaiimitsa.