Momwe mungayendere m'minda ya mphesa ya ku Finger Lakes vinyo wanu osapsera m'buti

Mukapezeka ku New York m'miyezi ya Juni, Julayi kapena Ogasiti, pomwe kumeneko dzuwa limaswa mtengo, ndipo muli ndi masiku atatu kapena anayi oti mupumeko, ganizirani zolowera ku Finger Lakes, dera la nyanja ndi minda ya mphesa. Kuchokera mumzinda wa New York ndi ulendo wa maola pafupifupi 5 pagalimoto. Ine ndapitako kawiri. Ulendo woyamba ndinabwerako ndi mabotolo 9 a vinyo wophikika, wachiwiri ndinabwerako ndi vinyo weniweni. Za viza, za ndege ndi zobwereka galimoto sindinenapo, ndikukhulupirira kuti zimenezo munathana nazo kale.

Choyamba: sankhani nyanja imodzi, musakhumbire zonse

Nyanjazi zilipo 11, zazitali koma zopapatiza, zogona kuchokera kumpoto kutsikira kumwera ngati zala za munthu. Za vinyo kwenikweni ndi zitatu: Seneca, Cayuga ndi Keuka. Chomwe mphesa zimakondera kumeneko ndi madzi omwewo. Seneca ndi yakuya mamita 188, ndiye kutentha komwe imasunga m'miyezi yadzuwa kumatuluka pang'onopang'ono nthawi yozizira, n'kumateteza mitengo ya mphesa yomwe ili m'malo otsetsereka a m'mbali mwake. N'chifukwa chake minda yambiri mudzaiona yayang'ana kunyanja.

Apa pali msampha. Pa mapu a mufoni, malo awiri opangira vinyo amaoneka oyandikana, ena uku ena tsidya. Mukaima pakhonde la amodzi mumatha kuona ndi maso denga la enawo. Koma Seneca ilibe mlatho, ndipo ndi yaitali makilomita 61. Kuti muoloke muyenera kuzungulira kukadzera ku tauni ya Watkins Glen kumwera kapena ya Geneva kumpoto, ndipo pafupifupi ola lathunthu limathera pamsewu. Ndiye tsiku limodzi, gombe limodzi. Kumadzulo kwa Seneca mumayenda mumsewu wa Route 14, kummawa mu Route 414. Ku Cayuga malo ambiri ali m'mbali mwa Route 89.

Ine ndimagona ku Watkins Glen chifukwa magombe onse awiri amayambira pomwepo, komanso Keuka ili pafupi. Chenjerani chinthu chimodzi: m'tauni imeneyi muli bwalo lalikulu la mpikisano wa magalimoto, ndipo sabata ya mpikisano malo ogona amadzaza, mitengo n'kukwera modabwitsa. Musanalipire chipinda, fufuzani kaye masiku a mipikisano ya chaka chimenecho.

Chachiwiri: dziwani woyendetsa musanalawe dontho

Ku America munthu wosakwana zaka 21 saloledwa kumwa, ndipo ngakhale muli ndi imvi angathe kukufunsani chitupa. Yendani ndi pasipoti. Pa zoyendetsa, malire odziwika ndi 0.08 peresenti ya mowa m'magazi, koma ku New York mukangodutsa 0.05 muli kale pamlandu, wocheperako koma mlandu ndithu. Timadontho tomwe amakuthirirani timaoneka ngati tosewera, koma malo anayi, paliponse mitundu isanu, mwamaliza matambula angapo osadziwa. Botolo lotsekula kale lisakhale mkati momwe mwakhala anthu, nalonso ndi mlandu.

Ife tinali atatu, ine, mayi a kunyumba ndi alamu anga, ndipo tinkasinthana: woyendetsa wa tsikulo amalawa n'kulavula, kapena amangonunkhiza. Ngati palibe wofuna kudzimana, alipo makampani omwe amakutengani pagalimoto lawo, ena amatumiza dalaivala woti ayendetse galimoto lanu lomwelo. Koma samalani ndi adobadoba a pa intaneti. Tisanagwirizane zosinthana, ndinalankhula ndi bambo wina yemwe mtengo wake unali theka la wa anzake. Ankafuna ndalama yonse ndisanamuone nkhope, ndipo nditafunsa za inshuwalansi anayamba kuzungulira. Nditamuuza malo omwe tinasankha, anati amenewo ndi otha ntchito, iye atipititsa kwa "anzake". Foni ndinaidulira pomwepo. Woyendetsa wabwino amatsata ndandanda yanu.

Chachitatu: malo atatu patsiku, anayi mukakakamira

Malo opangira vinyo m'derali ndi oposa 100. Ambiri amatsekula cha m'ma 10 kapena 11 koloko m'mawa n'kutseka cha m'ma 5 madzulo, choncho nthawi si yambiri monga mukuganizira. Loweruka kumadzaza magulu a anthu okondwerera maukwati, obwera pamabasi, phokoso lokhalokha. Mukatha, pitani pakati pa sabata. Malo otchuka amafuna kusungitsa nthawi pasadakhale, makamaka mukakhala ambiri.

Sakanizani akale ndi aang'ono. Ku Keuka, pafupi ndi Hammondsport, kuli Pleasant Valley Wine Company yomwe inayamba mu 1860, ndipo nyumba zake zamiyala zokha n'zoti munthu akaone. Kumtunda kwa nyanja yomweyo kuli malo omwe anakhazikitsa Dr. Konstantin Frank mu 1962. Bambo ameneyu, wobadwira ku Ukraine, ndiye anatsutsa akatswiri omwe ankati mphesa za ku Ulaya sizingapirire chisanu cha kumeneko. Iye asanabwere, alimi ankadalira kwambiri mphesa za komweko monga Concord, Catawba ndi Niagara. Kumadzulo kwa Seneca kuli Hermann J. Wiemer, dzina la munthu wochokera ku Germany yemwe anayambitsa malowo mu 1979. Timalo tating'ono ta mabanja tinachuluka lamulo la 1976 litalola alimi kupanga vinyo n'kumagulitsa pakhomo pa munda wawo. Kwa ine timeneti ndiye tokoma kucheza, chifukwa wokuthirirani vinyo nthawi zina ndi yemwe anali m'munda m'mawa womwewo, nsapato zikadali ndi matope.

Idyani musanayambe. Izi n'zodziwikiratu.

Chachinayi: kulawa

Mumalipira kaye ndalama yolawira, kawirikawiri kuyambira madola 10 kukwera, ndipo amakupatsani pepala loti musankhepo mitundu inayi kapena isanu. Malo ena amakuchotserani ndalamayo mukagula mabotolo, ena ayi. Funsani, palibe manyazi. Yambani ndi wopanda shuga, wotsekemera abwere pomaliza, apo ayi lilime limasokonezeka, wina aliyense n'kumangowawasa. Kabekete kali patebulopo ndi kolavuliramo ndi kutayiramo wotsala, ndipo palibe amene angakudabweni.

Mwini dera ndi Riesling, vinyo woyera. Anthu ambiri amamuthawa poganiza kuti ndi wotsekemera nthawi zonse, chonsecho alipo wa mitundu yonse. Mawu oti dry pa botolo akutanthauza kuti shuga wa mphesa anatha pofufumitsa. Mabotolo ambiri a Riesling ali ndi kamzere kumbuyo kosonyeza pomwe vinyoyo ali, kuyambira wopanda shuga mpaka wotsekemera kwambiri. Pa ofiira, yesani Cabernet Franc. Musayembekezere wolemera ngati wa kumadera otentha, uyu ndi wopepuka. Alamu anga anamunyoza tsiku loyamba, tsiku lachitatu ndi omwe anagula mabotolo awiri.

Lembani papepala lomwe akupatsanilo zomwe mwakonda. Pofika malo achitatu mutu umakhala utaiwala za oyamba.

Chachisanu: kugula ndi kusunga, pomwe ine ndinagwa napo

Khalani pansi, apa ndichedwapo.

Tsiku lachiwiri la ulendo woyamba, mu Julayi, tinayendera malo awiri m'mawa ndipo ndinagula mabotolo 9. Anandiikira bwinobwino mukatoni, ine n'kuponya m'buti. Masana mayi a kunyumba anati tatopa ndi vinyo, tikaone mathithi a ku Watkins Glen State Park. Malo okongola zedi: chigwa chamiyala, mathithi 19, masitepe oposa 800, ndipo mkatimo mumazizira bwino moti munthu umaiwala kuti kunja kuli dzuwa. Galimoto tinalisiya pabwalo lopanda mthunzi, lamtundu wakuda, cha m'ma 1 koloko. Tinabwerera patatha maola atatu, titadyanso ayisikilimu mosafulumira.

Nditatsekula buti, fungo linandilandira ngati la jamu ali pamoto. Katoni inali yonyowa pakona imodzi. Nditatulutsa botolo loyamba la Cabernet Franc, linali lotentha ngati kapu ya tiyi, chitsekero chitatukuka pang'ono n'kukankha kachipewa kamene kamakuta pakamwa pa botolo, ndipo mzere wofiira womata unali utatsika kudutsa pa pepala la dzina mpaka pansi. Ena awiri chimodzimodzi. Ndinangoti kakasi. Alamu anga anati, "Alamu, mwaphika ndiwo zadula."

Chimachitika n'chakuti vinyo akatentha amafufuma, ndipo m'botolo mulibe malo oti apite, ndiye amakankha chitsekero kapena kudutsa m'mbali mwake. Akazizira amabwerera, n'kukokera mpweya mkati, ndipo mpweyawo ndi umene umamumaliza m'masabata otsatira. Koma ngakhale asadonthe, kutentha pakokha kumapha kakomedwe. Vinyo amafuna malo a madigiri 12 mpaka 15. Akakhalitsa pa madigiri oposa 30 amayamba kuwonongeka, pomwe m'galimoto yotseka yosiyidwa padzuwa mumatha kufika madigiri 50.

Chinandipusitsa kwambiri ndi ichi. Mabotolo 6 otsalawo anali a Riesling, otseka ndi chitsekero chachitsulo chopotokola. Sanadonthe, sanatukuke, ankaoneka abwinobwino, ndipo ndinadzitonthoza kuti amenewa apulumuka. Ndinawanyamula ulendo wonse, ndinalipira katundu woonjezera pandege chifukwa cha iwo. Patapita miyezi iwiri ndinatsekula limodzi pamaso pa alendo, nditawatamandira kale za fungo la maapulo ndi mandimu lomwe ndinamva tsiku logula. Munalibe chilichonse cha zimenezo. Anali wofooka, wachikasu kwambiri, kakomedwe ngati zipatso zowiritsa. Alendo anamwa mwaulemu. Ndiye dziwani kuti botolo la chitsekero chachitsulo limapsa mwakachetechete, silikuuzani.

Ulendo wachiwiri ndinachita motere. Ndisanafike n'komwe kunyanja ndinagula kulaboksi yotchipa, ija ya thovu loyera, m'sitolo ya zakudya. Usiku ndinkaika mabotolo a madzi akumwa mufiriza ya pamalo ogona kuti aundane, m'mawa n'kuwayala pansi pa kulaboksi, thaulo pamwamba pake, kenaka vinyo. Musathire ayezi wamba mwachindunji. Akasungunuka mapepala a maina amamatuka n'kumayandama, ndipo mumatsala ndi mabotolo ofanana osadziwa ili ndi liti. Madzi oundanawo akasungunuka mumamwa, palibe chotayika. Kulaboksi ikhale pampando wakumbuyo kapena pansi pake pomwe mphepo yoziziritsa ya m'galimoto imafika, osati m'buti. Mabotolo osatsekula alibe vuto kukhala mmenemo.

Kuposa zonsezi, sinthani dongosolo la tsiku. Zokwera masitepe, zosambira ndi zokwera boti zikhale m'mawa galimoto ilibe kanthu, vinyo masana, kenaka molunjika kuchipinda. Ngati mwakonda vinyo wa malo oyamba, funsani ngati angakusungireni kuti mudzatenge pobwerera. Ine anandilola paliponse pomwe ndinapempha, bola ndifike asanatseke. Popeza muli pa gombe limodzi, mudutsanso pomwepo basi.

Pa mtengo: katoni yathunthu ndi mabotolo 12, ndipo malo ambiri amatsitsako mukagula yonse, ngakhale mutasakaniza mitundu. Ngati muli gulu, phatikizani pa risiti imodzi mugawane kunja. Akakuuzani zolowa kalabu yawo yoti azikutumizirani vinyo miyezi ingapo iliyonse, kanani mwaulemu ngati simukhala ku America. Mtengo womwe uli papepala si womaliza, msonkho amaonjezera polipira. Ndipo musagule vinyo yemwe mungamupeze m'sitolo iliyonse ya mowa m'tauni, funsani yemwe amagulitsidwa pamalopo pokha.

Chachisanu ndi chimodzi: kulongedza

Vinyo salowa m'chikwama cha m'manja pandege, malire ndi mamililita 100. Apite m'sutikesi yaikulu. Botolo limodzi lodzaza limalemera pafupifupi kilogalamu imodzi ndi theka, ndiye pa makilogalamu 23 werengerani nokha. Lililonse m'sokosi, kenaka m'pepala la pulasitiki lomanga bwino, pakati pa zovala, lisagundane ndi linzake. Timatumba tapadera timene amagulitsa m'malo olawiramo ndi tabwino koma todula, masokosi sanandigwiritsepo mwala.

Chomaliza

Fufuzani malita omwe dziko lomwe mukupita limalola kulowetsa popanda msonkho, ndipo malisiti akhale pafupi. Mukafika, mabotolo akhale malo amdima ozizira sabata imodzi kapena ziwiri musanatsekule. Kulaboksi ija isiyireni a pamalo ogona, sikwana m'sutikesi.