Mmene mungapezere mfundo yaikulu mu passage pa mayeso a aphunzitsi othandizira

Anzanga amene mukukonzekera mayeso olowera ntchito ya uphunzitsi wothandizira, kaya ndi pa sukulu ya mishoni, ya private kapena mwaitanidwa kudzera ku ofesi ya maphunziro pa boma, chomwe chimagwetsa anthu ambiri si masamu ayi, ndi ka passage ka Chingerezi kaja komwe kumapeto kwake amafunsa kuti main idea, kapena kuti mfundo yaikulu, yake ndi iti. Funsoli limaoneka laulere koma anthu oti MSCE anakhoza bwinobwino amataya nalo malikisi, ndiye ndati ndilembe mmene ine ndimachitira komanso mmene ndimathandizira achinyamata akwathu kuno ku Dedza.

Musanawerenge passage, yambani mwaona mafunso ake kaye. Mafunso okha, ma A B C D asiyeni chifukwa mukawaloweza msanga amakusokonezani, mumayamba kusakasaka mawu awo mu nkhanimo m'malo momva zomwe wolembayo akunena. Kenako werengani nkhani yonse kamodzi osaima, liwu lachilendo lisakuimitseni, lidumpheni, nthawi zambiri chiganizo chotsatira chimakuuzani chokha tanthauzo lake.

Mukamaliza dzifunseni zinthu ziwiri. Nkhaniyi ikukamba za chiyani, muyankhe ndi mawu awiri kapena atatu basi, umenewo ndi mutu. Kenako wolembayu akuti chiyani za chinthu chimenecho, apa pakufunika chiganizo chathunthu ndipo chimenecho ndiye mfundo yaikulu. Lembani ndi pensulo m'mbali mwa pepala, olo mu Chichewa zilibe kanthu, bola zikhale za m'mutu mwanu musanaone mayankho awo.

Tsopano apa ndikhalitsapo chifukwa ndi pomwe ine panandigwetsa, posankha yankho. Tiyerekeze kuti passage ikukamba za zojambula za m'mapanga a Chongoni kwathu konkuno. Ndime yoyamba ikuti malo a zojambulazi alipo 127, UNESCO inawaika pa mndandanda wa malo otetezedwa a dziko lonse mu 2006, zofiira anajambula Akafula ndipo zoyera anajambula Achewa zokhudza chinamwali ndi gule. Ndime yachiwiri yayamba ndi However, ikuti zojambulazi zikuonongeka ndi anthu olemba mayina awo ndi makala komanso moto wa m'tchire. Yachitatu ikuti mafumu ndi masukulu oyandikana nawo athandize kuziteteza. Ndiye mayankho abwera anayi. A akuti ku Chongoni kuli malo 127 a zojambula. B akuti Malawi ndi dziko la chikhalidwe chokongola. C akuti zojambula za ku Chongoni ndi zamtengo wapatali koma zikuonongeka ndipo zikufunika kutetezedwa. D akuti alendo ambiri amabwera kudzaona Chongoni.

Dzanja limathamangira pa A, ndikukuuzani, chifukwa ndi zoona, nambala ili pomwepo mu ndime yoyamba, ukhoza kuiloza ndi chala ndipo mtima umakhala m'malo kuti apa sindikunama. Koma sanakufunseni kuti choona ndi chiti. Olemba mayeso amaika dala yankho loona koma laling'ono, lotengedwa pa mzere umodzi, podziwa kuti munthu wa mantha amagwira chimene akuchiona ndi maso. Mukasankha A, nanga ndime yachiwiri ndi yachitatu zija mwazisiyira ndani? B naye ndi msampha wa mbali inayo, wakula kwambiri, akhoza kukhala yankho la passage ya Mulanje, ya Kulamba, ya nyanja, chilichonse. D mu nkhanimo mulibe, ndi zomwe inuyo mukudziwa kapena mukuganiza, ndipo ife a ku Dedza ndi amene tingagwe naye msanga chifukwa malowo timawadziwa. Zomwe mukudziwa za kumudzi zisiyeni panja, yankhani za pa pepala. Wotsala ndi C, ndipo mukamuyesa pa ndime iliyonse akukwana. Mfundo yaikulu ili ngati luzi lomangira mtolo wa nkhuni, likasiya nkhuni zina pansi ndiye kuti si limenelo.

Kuyesako kumachitika chonchi, gwirani yankho lomwe mwalikonda, pitani nalo pa ndime yoyamba mufunse ngati ndimeyi ikulithandiza, yachiwiri chimodzimodzi mpaka yomaliza. Likakanika pa ndime imodzi yokha yaitali, litayeni ngakhale likumveka bwino bwanji.

China, aphunzitsi ambiri anatiuza kuti mfundo yaikulu imakhala pa chiganizo choyamba. Nthawi zina inde, koma osadalira. Wolemba akhoza kuyamba ndi zomwe anthu ena amanena kenako n'kukhota, ndiye mukaona However, But, Although, In fact kapena Therefore zungulizani ndi pensulo, zimene zikubwera pambuyo pake ndi zimene iyeyo akufuna mumve. Pamene For example ndi Such as zikukuuzani kuti chikubwerachi ndi chitsanzo chabe, osati mwini nkhani.

Pa nkhani ya zoyeserera, chonde ndalama zanu zisapite kwa anthu a pa WhatsApp amene akumati ali ndi likasa ndipo muwatumizire kaye ndalama pa Mpamba kapena Airtel Money. Mukatumiza foni imazima, kapena akupatsani PDF ya mafunso otola pa intaneti a sukulu za ku America oti sakugwirizana n'komwe ndi zathu. Ma pamphlet a photocopy ogulitsa m'misika aja nawonso muzisamala nawo, ena mayankho ake kumbuyo ndi olakwika, ena masamba anasowa, pomwe photocopy payokha masiku ano yakwera mtengo moti tsamba lililonse umachita kuliwerengera. Chaulere chilipo. Mapepala akale a MANEB a Chingerezi a JCE ndi MSCE, makamaka gawo la summary ndi note making, luso lake ndi lomweli. Pemphani kwa aphunzitsi a ku CDSS yapafupi, kapena pitani ku TDC, malo amene aphunzitsi a m'zoni amakumanirana, mukalankhule bwino ndi a PEA, mlangizi wa masukulu a pulayimale, komanso achemwali amene anadutsa ku koleji ya aphunzitsi ya St Joseph's ku Bembeke ambiri anasunga ma module awo a IPTE, maphunziro a uphunzitsi wa pulayimale. Olo nyuzi yakale ya The Nation yokulungira zinthu ku Lizulu imagwira ntchito, pindani mutu wa nkhani usaoneke, werengani, lembani mutu wanu, kenako fananizani.

Ndipo musachitenge ngati cha mayeso chokha ichi. Mukalowa m'kalasi ya Sitandade 3 kapena 4, ana odzaza mpaka pakhomo, mwawawerengera nkhani n'kufunsa kuti ikukamba za chiyani, mwana adzakuuzani za galu amene watchulidwa kamodzi, ndipo mudzafunika kudziwa momubwezera ku nkhani yonse osamugwetsa ulesi.

Zotsalazi ndi zachidule. Akafunsa best title njira yake ndi yomweyo, kungoti yankho limakhala lalifupi. Akafunsa purpose onani ngati wolembayo akufotokoza, akuchenjeza kapena akunyengerera. Mayankho okhala ndi always, never kapena all muziwakayikira. Akakuuzani kuti mulembe nokha, chiganizo chimodzi chakwana, musakopere mzere wonse wa mu passage. Funso la main idea likakhala loyamba, liyankheni pomaliza mutatha ena aja, ndipo tengani wotchi yapamkono ndi mapensulo awiri chifukwa foni sakulolani kulowa nayo.