Momwe mungalandirire uphungu pa foni muli mu Harare muno

Chaka chatha ndinatha miyezi itatu tulo tisakubwera. Lendi, fizi ya ana, kuonjeza mafoni a kumudzi ku Dedza oti "tumizaniko kangachepe". Anzathu Achishona vutoli amati kufungisisa, ndiye kuti kuganiza mopyola. Ndinathandizidwa ndi mlangizi yemwe sindinakumanepo naye maso ndi maso, ndipo njira yake ndi iyi.

Yambani mwaona thumba lanu. Ngati mulibe kanthu, kuli Friendship Bench, yomwe anayambitsa dokotala wa matenda a maganizo Dixon Chibanda ku Mbare mu 2006. Ndi agogo aja amakhala pa mabenchi m'makiliniki a khonsolo, ophunzitsidwa kumvetsera ndi kukuthandizani kumasula vuto limodzi limodzi. Salipiritsa, ndipo amachezanso ndi anthu pa WhatsApp. Nambala yawo itengeni pa webusaiti yawo, osati ija yazungulira m'magulupu kasanu.

Ine ndinapita kwa wolipira chifukwa ndinkafuna madzulo nditachoka ku msika. Ankanditenga madola 20 pa ola, achemwali anga ndi amene ankalipira. Musanatumize ndalama funsani ngati munthuyo analembetsa ku Allied Health Practitioners Council of Zimbabwe, bungwe loyang'anira alangizi ndi ena ogwira ntchito za umoyo, ndipo akuonetseni satifiketi ya chaka chino. Wina pa Facebook anandiuza kuti nditumiziretu za maulendo asanu ndi limodzi pa EcoCash, kenako nkuyamba kundiyamikirira tiyi wa zitsamba wochotsa "stress". Satifiketi nditaifunsa anangoti zii mpaka lero. Muzilipira ulendo umodzi umodzi.

Funsaninso chilankhulo. Ambiri ndi Chishona kapena Chingerezi. Ine ndinkasakaniza, pena Chichewa chinkangotuluka chokha, iwo nkundifunsa kuti ndatanthauza chiyani.

Tsopano malo. Apa ndi pomwe ndinapsa, choncho ndichedwapo. Timakhala m'zipinda ziwiri ku Mufakose, ndipo pakati pathu ndi anzathu ochita lendi pali chitseko chongokhomera misomali. Tsiku loyamba ndinakhala pa bedi, foni ndinaitsamiritsa pa chitini cha shuga, sipika ili pamwamba chifukwa mahedifoni mwana anali atapita nawo. Ndinkati poti ndikunong'ona palibe angamve. Koma munthu ukayamba kutula zakukhosi mawu amakwera okha, ndipo a mlangizi ankabwereza zimene ndanena kuti atsimikize: ngongole ya kwa akatapila, ndalama za fizi zomwe bambo a kunyumba sankadziwa kuti ndinazidya, zonse pa sipika. Azakhali anali atabwera kudzacheza, ali khale pakhonde kusadzula nandolo. Sanalankhule kanthu tsikulo. Lamulungu tikutuluka m'tchalitchi mayi wina anandigwira dzanja nkuti, "Amake Chisomo, tikukupemphererani pa ngongole ija." Miyendo inazizira. Usiku umenewo ndinaulula ndekha kwa bambo, nkhani isanawapeze kudzera kwina, ndipo sabata ziwiri zotsatira uphunguwo sindinaufunenso.

Ndiye gulani mahedifoni anuanu, ngakhale otchipa a m'mphepete mwa msewu m'tauni, koma muwayese muli pompo chifukwa ena khutu limodzi limakhala lakufa kale. Dziwani kuti mahedifoni amabisa mawu a mlangizi okha, anuwo amamvekabe. Sankhani ola lomwe ana ali kusukulu, kapena tulukani. Ine ndinazolowera kukhala pansi pa mtengo kumapeto kwa bwalo la mpira, pomwe aliyense akubwera ndimamuonera patali. Ngati malo palibiretu, pemphani zolemberana mameseji, mukamaliza mufufute, makamaka ngati foniyo mumabwerekana.

Zina nzodziwika. Tchajani foni magetsi akadalipo. Vidiyo imamwa data ngati madzi, kuitana ndi mawu okha kukukwanirani, ndipo yesani kaye kuimbira m'bale kuti muone ngati bandulo yanu ikulola kuimba pa WhatsApp. Gwirizanani kuti netiweki ikaduka woimbanso ndani.

Ulendo woyamba ndi mafunso ambiri: mukugona bwanji, mukudya, mumalira kangati. Yankhani zoona. Lembani mavuto anu m'kope, musankhe limodzi loti muyambe nalo, muchite zomwe mwagwirizana musanakumanenso. Mukaona kuti simukumvana ndi mlangiziyo pakatha maulendo atatu, sinthani, sachita nazo manyazi.

Koma ngati maganizo ofuna kudzipha abwera, musadikire tsiku la foni. Uzani wina pakhomo akuperekezeni ku chipatala cha Parirenyatwa, komwe kuli chigawo cha matenda a maganizo chotchedwa Annexe, kapena ku chipatala cha Sally Mugabe. Ngati ndi mwana amene wavutika, nambala ya Childline, bungwe lothandiza ana, ndi 116, yaulere.