Neba wochokera kunja? Pitani naye kwa amfumu ndi kumaliro

Kwa inu muli ndi alendi kapena maneba ochokera kunja, kaya ku Burundi, Rwanda, Mozambique kapena obwera kudzagwira ntchito ku yunivesite ya UNIMA ku Zomba, nayi njira yoti anthu m'dera awazolowere msanga popanda mapokoso.

Sabata yoyamba yomweyo pitani nawo kwa amfumu akadziwike, atenge kapaketi ka shuga m'manja basi. Koma chachikulu ndi maliro. Maliro akagwa pafupi, amene ali ndi shopu musawasiye atsegule ngati palibe chachitika, iwo mwina sadziwa koma kuno zimenezi zimawawa kwambiri, anthu amayamba kunong'onezana kuti ndi wodzikonda kenako amangosiya kukagula. Auzeni atseke kaye, apereke chipepeso ngakhale chochepa dzina lawo lilembedwe, bambo akakhale kwa azibambo, mayi amange chitenje akathandize kutunga madzi ndi kupakula nsima. Chichewa chambiri sichikufunika, "pepani" ndi kupereka moni ndi manja awiri zakwana. Zimagwira chifukwa anthu amakumbukira yemwe anaoneka pasiwa, iwonso vuto likadzawagwera mudzi umathamangira.

Ngati muli ku Chinamwali ku Zomba kapena madera ena komwe Asilamu ndi ambiri, akafuna kuitana maneba kudzadya auzeni nkhuku azinge Msilamu, apo ayi ena sadya.

Inunso akakupatsirani nthochi zophika ndi nyemba lawani, osanyogodola, ndipo afunseni mmene amachitira maliro kwawo kuti maliro akadzawagwera musadzasowe pogwira.